Galimoto yopanda dalaivala kapena basi yobwera pa nthawi yake?

Nachisale (Phoenix): Mwadzuka bwanji kumudziko? Kuno ku America ndi 9 koloko usiku, ndikupita ku ntchito. Onani kavidiyo ndatumizako. Pampando wa dalaivala palibe munthu, chiwongolero chikungozungulira chokha. Galimoto yanga ili ku galaja ndiye ndaitana ya Waymo pa foni. Yaima pakhomo, zilembo zoyamba za dzina langa zikuwala pa denga, chitseko ndatsegula ndi foni yomweyo. Mkati muli zii, palibe wokufunsa kuti kwanu ndi kuti.

Wa Kabaza: Achemwali tsikani msanga, imeneyo ndi ndege ya ufiti yoyenda pansi kkkkk

Aphunzitsi (Area 25): Ine ndikuonera vidiyoyi ndili mu minibasi pa siteji. Mphindi 25 zakwana, injini ikulira, dalaivala akusuntha pang'ono n'kubwereranso. Anyamata atatu akhala kutsogoloku si okwera ayi, ndi odzazitsa mipando. Akakwera munthu weniweni, mmodzi amatsika mwakachetechete. Belu la kusukulu silidikira zimenezi. Ndiye achemwali ndikufunseni, ndalama zonse zopangira galimoto yanuyo, bwanji osangogulira anthu mabasi abwino obwera pa nthawi yake?

Injiniya: Funso la aphunzitsili akukanganirana ngakhale komweko. Ndipo ndalama zake si zamasewera. Google inayamba ntchitoyi mu 2009, n'kudzaipatsa dzina loti Waymo mu 2016. Mu 2024 mokha anasonkhetsa madola 5.6 biliyoni kwa ofuna kuikamo ndalama. General Motors inamwaza madola oposa 10 biliyoni pa kampani yake ya Cruise, kenako mu Disembala 2024 inangoti basi tatopa. Ford ndi Volkswagen anatseka yawo, Argo AI, mu 2022. Apple inasiya mu 2024 isanagulitse ngakhale tayala limodzi. Pomwe sitima ya mumzinda ya ku Addis Ababa, imene inatsegulidwa mu 2015, inadya madola 475 miliyoni. Werengani nokha. Ndalama za Cruise zokha zikanamanga zoterozo pafupifupi 20.

Wa ku Johannesburg: Bwana Injiniya mukusakaniza matumba. Ndalama za Google si msonkho wa munthu. Akanapanda kupanga magalimotowo sakanagulira anthu mabasi, akanangogawana phindu eni kampani. Mwini chuma akataya zake ife zitikhudza bwanji?

Injiniya: Thumba ndi lawo, koma msewu ndi wa tonse. Komanso malonjezo awo amalowa m'mutu mwa ovota. Ku Nashville mu 2018 anthu anakana pulani ya sitima ndi mabasi ya madola oposa 5 biliyoni, ndipo ena mwa otsutsa ankati njanji ndi zachikale, magalimoto odziyendetsa ali m'njira. Elon Musk mu 2019 analonjeza kuti pofika 2020 matakisi otere adzakhala 1 miliyoni. Chaka chinafika n'kudutsa. A ku Nashville anadzavomera msonkho wa mabasi mu 2024, atataya zaka 6 ali pa mpanipani. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Nachisale (Phoenix): Ndiyankheko ndisanafike. Amene sanafikeko kuno sangamvetse mmene mzindawu unamangidwira. Phoenix ndi wotambalala ngati thengo, nyumba uko, sitolo uko, chipatala ukooo. Sitima ya mumzinda ilipo kuyambira 2008 koma imadutsa kutali ndi kwathu. Basi ikakusiya usiku ndiye udikira mpaka utopa. Ndipo kutentha kwake, mu 2023 tinakhala masiku 31 otsatizana kutentha kukufika madigiri 43 kapena kuposa. Chitsulo cha pa siteji chimawotcha ngati chiwaya cha chipisi. Inde basi ndi madola 2 okha, iyi ndalipira kangapo kuposa pamenepo. Koma ine mkazi ndekha usiku, galimoto yopanda bambo wachilendo kutsogolo imandipatsa mtendere.

Chachiwiri ndi chimene ndimaona kuntchito. Ku America anthu pafupifupi 40,000 amafa pamsewu chaka chilichonse. Amene amafika kwa ife atathyokathyoka, ukafunsa nkhani yake, wina analedzera, wina amayankha meseji, wina anasinza. Makinawa samwa mowa.

Madala a Basi (Bangwe): Mwana wanga, ndayendetsa basi zaka zambiri, ndipo za mowa ukunena zoona, ndaika m'manda anzanga. Koma ndifunse. Ikagunda munthu amamangidwa ndani? Ine ndinkadziwa kuti ndikalakwa ndikagona ku Chichiri, ndiye phazi limakhala pafupi ndi buleki.

Injiniya: Madala mwafunsa pamene pali bala. Mu Malichi 2018 ku Tempe, pafupi ndi kwa achemwaliwo, galimoto yoyesera ya Uber inagunda n'kupha mayi amene amadutsa msewu usiku akukankha njinga. Makina anamuona koma anasokonezeka kuti ndi chiyani. Amene anazengedwa mlandu ndi wantchito amene anakhala pampando kuti aziyang'anira, osati kampani. Mu Okutobala 2023 ku San Francisco mayi wina anagundidwa ndi galimoto ya munthu, n'kugwera kutsogolo kwa ya Cruise. Ya Cruise inaima, kenako inaganiza zopatukira m'mbali, n'kumukhwekhwereza mamita 6 ali pansi pake. Boma la California linailanda chiphaso mwezi womwewo.

Nachisale (Phoenix): Zonsezo ndi zoona ankolo, sindikana. Koma tsiku lomwe mayi wa ku Tempe anamwalira, anthu ena pafupifupi 100 anafanso pamisewu ya dziko lino m'manja mwa madalaivala amoyo, ndipo palibe anawatchula pa wailesi. Ndafika, ndiwerenga nthawi yopuma.

Wa Kabaza: Abweretse kuno tiione. Ifike pa Mchesi 5 koloko madzulo. Mbuzi uku, wa ngolo uku, ine ndatulukira kumanzere, minibasi yaima pakati pa msewu kupakira thumba la makala. Kompyuta ija idzangolira n'kupempha kubwerera kwawo.

Mayi a Geni: Nanga maenje idzawadziwa? Ena mpaka ali ndi mayina.

Injiniya: Mukuseka koma ndi momwemo. Galimotoyi siyenda paliponse. Asanaiike mumzinda amayamba ajambula msewu uliwonse, mzere uliwonse, chikwangwani chilichonse. Pa denga pali kachipangizo kozungulira kotchedwa lidar, kamamwaza kuwala n'kuyeza kutalika kwa chinthu chilichonse, kuphatikiza makamera ndi radar. Ikasokonezeka imafunsa munthu amene wakhala pa kompyuta ku ofesi. Mu Disembala 2025 magetsi atazima ku San Francisco maloboti a pamsewu n'kufa, zambiri zinangoima pa mphambano zikuphethira. Kumeneko kuzima kwa magetsi ndi nkhani ya m'nyuzi. Kwathu ndi Lachiwiri wamba.

Koma ine vuto langa lenileni si limenelo. Tiyerekeze kuti zonse azikonza, galimoto yafika poti silakwa n'komwe. Ikadali galimoto. Ikutenga malo omwewo pamsewu itanyamula munthu mmodzi. Anthu 60 a mu basi imodzi mukawapatsa aliyense yake, mzere wake ndi wautali kuposa mabwalo awiri a mpira. Ndiye ikakutsitsani imayenda yopanda munthu kukatenga wina, kutanthauza kuti pamsewu pawonjezeka galimoto yonyamula mphepo. Ku Bogotá mabasi a TransMilenio, amene anayamba mu 2000, amanyamula anthu oposa 30,000 pa ola kulowera mbali imodzi. Mzere umodzi wa magalimoto ang'onoang'ono, ngakhale pamsewu waukulu wopanda maloboti, umadutsa magalimoto pafupifupi 2,000 pa ola. Palibe kompyuta ingafupikitse galimoto.

Madala a Basi (Bangwe): Achinyamata ambiri pano mukuyesa basi yobwera pa nthawi ndi za ku Ulaya. Ife tinali nazo konkuno. Nthawi ya kampani ya mabasi ya UTM (United Transport Malawi) basi inali ndi ndandanda, kondakitala ndi kamakina kake ka matikiti pakhosi, insipekitala amakwera panjira mosayembekezereka kudzaona ngati aliyense walipira. Ukachedwa kunyamuka umalemba lipoti. Basi imanyamuka kaya muli anthu 7 kaya yadzaza, chifukwa ine malipiro anga anali a pamwezi. Mnyamata wa minibasi lero amadzuka ali ndi ngongole kale, ya bwana wake, ya mafuta, ya oitanira. Musamutukwane akamadikira kudzaza. Mukanakhala inu mukanachita chimodzimodzi. Mu 1989 inabwera Stagecoach, kenako Shire Bus Lines, mpaka zonse zinatha, maminibasi n'kutenga malo.

Nambewe (Edinburgh): Agogo mwandikumbutsa! Stagecoach yomweyo ndi ya kuno ku Scotland, ndipo ndi imene inayendetsa basi yodziyendetsa yokha. Inayamba mu Meyi 2023, nambala yake AB1, kuchoka ku Ferrytoll ku Fife, kuwoloka mlatho wa Forth Road Bridge mpaka Edinburgh Park. Koma mverani izi. Basi wamba imakhala ndi wantchito mmodzi. Yopanda dalaivalayi inali ndi awiri, wina pa chiwongolero kuyang'anira, wina wothandiza okwera. Mu Febuluwale 2025 anaiimitsa chifukwa okwera anali ochepa.

Wa Kabaza: Kkkkk ndiye anachotsa dalaivala n'kulemba dalaivala ndi kondakitala

Nambewe (Edinburgh): Ndi momwemo achimwene. Ndipo chimene ndinaphunzirapo n'chakuti wokwera alibe nazo ntchito kuti pa chiwongolero pali ndani. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndimayenda khomo ndi khomo. Ndimangofuna basi yopita kumene ndikupita, ndipo ikandisiya ina ibwere ndisanazizidwe. Tsono ndionjezere kuti zoyenda zopanda dalaivala zonyamula khamu zilipo kalekale, kungoti zili pa njanji. Ku London kuli DLR kuyambira 1987, ku Paris Line 14 kuyambira 1998, ku Copenhagen, ku Dubai. Palibe amajambula vidiyo chifukwa zinazolowereka.

Mayi a Geni: Inu mukupita kutali, ine ndikuuzeni za pafupi pompa. Ndimakaoda katundu ku Kariakoo. Ku Dar es Salaam kuli mabasi aja amawatcha mwendokasi, anayamba mu 2016. Ali ndi njira yawoyawo pakati pa Morogoro Road, kuchoka Kimara mpaka Kivukoni, makilomita pafupifupi 16. Ulendo wanga woyamba ndinakhala pawindo, ndikuona mabwana m'magalimoto awo aakulu atangoti tsonga pa mpanipani, ife tikudutsa ngati mphepo. Ndinamva kukoma mumtima, sindibisa. Ulendo wotenga maola awiri pa daladala, minibasi yakumeneko, unatsika osakwana ola.

Koma chikomekome cha mkuyu. Zaka zitapita mabasi anayamba kufa, okonzedwa ochepa, anthu akuchulukirachulukira. Pa Kimara m'mawa anthu amapanikizana mpaka ena kulowera pawindo. Ndiye depoti anaimanga pa Jangwani, m'dambo. Mtsinje wa Msimbazi ukasefukira, mabasi ndi matope okhaokha, msewu n'kutsekeka. Ndiye aphunzitsi mukamati angogula mabasi, kugula ndi kosavuta. Ndani azigula masipeya chaka cha 5?

Injiniya: Mayi mwandigwira pakhosi. Ya ku Addis Ababa ndinaitama ija nayonso masitima ambiri anaima kusowa masipeya. Wandale amakonda kudula riboni, sakonda kulipira makaniko. Ndipo kwa ife masipeya ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tayala la basi linakwera tsiku lomwelo, koma thumba la wokwera linakhala lomwe lija. Basi ya mumzinda pafupifupi kulikonse siidzilipira yokha ndi matikiti, boma limathirapo chaka ndi chaka. Amene akuuzani kuti idzadzidyetsa yokha akukunamizani.

Wa ku Johannesburg: Ndipo mwaiwala eni maminibasi. Kuno mabasi a Rea Vaya atayamba mu 2009, masiku oyambirira omwewo basi inawomberedwa ndi mfuti. Eni matekisi, maminibasi akuno, anaona kuti akulandidwa nsima pakamwa. Zinadzaphweka pamene ena a iwo anapatsidwa masheya mu kampani yoyendetsa mabasiwo, matekisi awo n'kuchotsedwa pa njirayo. Sitima ya Gautrain nayo ilipo kuyambira 2010, yokongola, yachangu, koma ife ogwira maganyu timangoiona ikudutsa. Mpaka lero ambiri timakwera tekisi, kuloza ndi chala komwe ukupita, ndalama kupatsirana kuchokera kumbuyo. Ndiye musandiuze kuti chilichonse cha boma chimathandiza wosauka.

Angozo: Pepani abale, foni yanga imandiwerengera mauthenga mmodzimmodzi ndiye ndimatsalira m'mbuyo. Ambiri mukudziwa kuti maso anga anasiya kuona zaka 11 zapitazo. Ndamvetsera zonse, ndipo masamu a bwana Injiniya sindingatsutse. Koma mukuwerenga anthu 60 ngati matumba a chimanga.

Ine kuti ndikwere minibasi, mdzukulu wanga ajombe kusukulu andiperekeze pa siteji. Tikafika, oitanira amandikoka mkono wina uku wina uko, ndodo yanga kugwa. Kondakitala wina anandiuzapo pamaso pa anthu kuti madala inu mumachedwetsa, dikirani ina. Ndikakwera sindidziwa pamene tafika, ndimadalira kuti wina akumbuke kundiuza, ndipo chenji ndimangolandira chimene andipatsa. Tsono nditamva Nachisale akuti galimoto yaima pakhomo, yatsegulidwa ndi foni, yakamusiya pakhomo lina, ine misozi inalengeza. Kuyambira pamene ndinadwala sindinapiteko kulikonse ndekha. Ngakhale ku maliro a mlongo wanga ndinachita kudikira wondigwira dzanja.

Ndikudziwa kuti kuno sidzafika ine ndili moyo. Koma musanene kuti ndi choseweretsa cha olemera basi.

Aphunzitsi (Area 25): Angozo mwatikhazika chete.

Injiniya: Ndalandira bambo, ndinalankhula ngati munthu wa pa pepala. Kwa osaona, okalamba, ndi amene matenda sawalola kuyendetsa, chinthuchi ndi ufulu weniweni. Chokhacho ndinganene n'chakuti zambiri zimene zakuvutanizo basi yabwino imazithetsanso. Ku London basi iliyonse imalengeza siteji ndi mawu, ili ndi khomo lotsika loti njinga ya olumala ilowe, ndipo palibe chenji chifukwa anasiya kulandira ndalama pamanja mu 2014.

Angozo: Imalengeza siteji, chabwino. Nanga kuchoka pakhomo panga kukafika pa sitejipo, kudutsa ngalande zitatu zosavundikira, andilengezera ndani?

Nachisale (Phoenix): Ndili pa kapumulo, ndawerenga zonse. Angozo, kuno mabungwe a anthu osaona ndi ena mwa amene amaikira kumbuyo magalimotowa, pa zifukwa zomwe mwanenazo. Koma ndivomere kwa Injiniya. Anzanga okolopa m'mawodi muno sakwera Waymo. Sangakwanitse tsiku ndi tsiku. Mmodzi amakwera mabasi awiri, akaweruka m'mawa amafika kunyumba ana atapita kale kusukulu. Atati andipatse ine ndalama za mzinda, ndiika pa basi yake ija kuti izibwera mphindi 10 zilizonse. Za Waymo azilipira okha a Google, ndipo azilipiranso msewu umene akudyerapo.

Wa Kabaza: Nonse mukukambirana zondichotsa ntchito, wina ndi loboti wina ndi basi. Koma dziwani kuti Angozo pa ngalande zitatuzo amene amawadutsitsa ndi ine. Basi yanuyo sidzalowa ku Mtandire mkati. Ndipo njinga iyi ndinatenga pa ngongole, ikudyetsa anthu 6.

Madala a Basi (Bangwe): Iwe sutha ntchito mwana wanga, basi ikakhala pamsewu waukulu iwe ndi amene uzibweretsa anthu pa siteji. Ungogula chipewa chachiwiri cha wokwera.

Wa Kabaza: Chipewa chilipo madala, amakana okha azimayi kuti chiwononga tsitsi

Mayi a Geni: Chipewa chimene chavalidwa ndi mitu 40 kuyambira m'mawa? Iwe usandiyambe.

Admin: Tibwerere pa mutu chonde. Ndipo amene simunapereke ya chipepeso cha mwezi uno, mundipeze kumbali.

Injiniya: Ndibwererepo ndi funso limodzi la kwathu. Ku Lilongwe msewu wa Kenyatta anaukuza kukhala wa mizere 6, pa Area 18 pali interchange. Ndi zokongola, sindikana. Koma ku Houston anakuza Katy Freeway mpaka malo ena mizere 26, anamaliza mu 2008, ndipo patangopita zaka zochepa mpanipani unabwerera, chifukwa msewu ukakula anthu amagula magalimoto ambiri. Ku Curitiba, meya Jaime Lerner mu 1974 anayamba ndi chinthu chotchipa, kupatula njira yoti muziyenda mabasi okha. Ife phula tathira kale. Pa mizere 3 yopita mbali imodzi, kupatula umodzi kuti ukhale wa mabasi ndi maminibasi nthawi ya m'mawa ndi madzulo, mtengo wake ndi penti, zikwangwani ndi wapolisi wosalandira ya fanta. Funso ndi lakuti amene angasaine pepala limenelo amayenda pa mzere uti.

Wa ku Johannesburg: Ndipo woyamba kulowa mu mzere wa mabasiwo adzakhala yemweyo, ma hazard akuphethira.

Nambewe (Edinburgh): Kuno amaika kamera, chindapusa chimakupeza pa positi.

Wa ku Johannesburg: Positi yake iti achemwali, kwathu nyumba ilibe nambala

Madala a Basi (Bangwe): Bwana Injiniya, mzere wokha sukwanira. Mukapatula mzere koma mnyamata uja akadali ndi ndalama ya bwana yoti akwanitse pofika madzulo, adzaima mu mzere momwemo kudikira kudzaza, anzake 10 kumbuyo kwake akuliza mahutala. Muyambe mwamulipira pamwezi, kapena pa makilomita amene wayenda. Mukatero adzanyamuka yekha osamuuza.

Injiniya: Ndi mmene amalipirira ku Bogotá, pa kilomita. Madala mukanakhala ku unduna.

Madala a Basi (Bangwe): Ndinalekeza Sitandade 8, akanandibweza pa geti.

Aphunzitsi (Area 25): Ndaweruka, ndabwereranso pa siteji. M'mawa ndinafika piriyodi yoyamba itatha, ahedi anangondiyang'ana osayankhula. Panopa mtengo akweza poti kwachita mdima wa mvula, ndipo akuti tikhale anayianayi. Wa Kabaza muli mbali iti?

Wa Kabaza: Ndili pa mzere wa mafuta aphunzitsi, ndine wa nambala 50 kapena kuposa. Kwerani yomweyo.